Zimene Tinaona M'mizinda Yakale ndi pa Nyanja za M'mapiri ku Scotland

Mawu amene analankhulidwa pa tsiku lokumbukira kuyamba kwa Mvano wathu

 A komiti yokonza tsiku lino anatipempha kuti tifotokoze za ulendo umene ife amayi asanu ndi mmodzi tinayenda m'mwezi wa June chaka cha 2024, pamene amayi a Guild a mpingo umene uli pa ubale ndi wathu ku Scotland anatiitana. Tinakhalako masabata atatu. Ndege anatilipirira eni ake otiitanawo, koma ndalama za m'thumba, nsapato ndi majuzi zinachokera pa mfundo za zitenje zanu. Ena munagulitsa mtedza, ena nkhuku. Chotero tili ndi ngongole kwa inu, ndipo lero tiibweza ndi pakamwa. Za misonkhano ndi maphunziro a Baibulo tinapereka kale lipoti kwa Amayi Mlembi. Lero tinena za masiku amene anatitenga kukaona malo, pakuti kumeneko n'kumene tinatola zambiri zoti tidye pamodzi.

Tinanyamuka pa Chileka, tinasintha ndege ku Addis Ababa, ndipo tinakatera ku London. Kuchokera pamenepo tinakwera sitima ya pamtunda maola anayi ndi theka mpaka ku Edinburgh, likulu la Scotland. Iwo amati June ndi nyengo yofunda. Ife tinapeza chiperoni weniweni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa, eni ake akuyenda ndi malaya a manja aafupi. Dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku n'kutulukanso isanakwane 5 koloko m'mawa, moti nkhuku za kuno zikanasowa nthawi yolowera m'khola.

Mzinda wa Edinburgh unamangidwa mozungulira thanthwe lalikulu lakuda, limene kalekale linali phiri lotulutsa moto. Pamwamba pake pali linga la mafumu, Edinburgh Castle, ndipo kuchokera pa chipata cha lingalo msewu umodzi umatsetsereka mtunda wa mailo imodzi mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyrood. Msewuwo amautcha Royal Mile. Nyumba zake n'zamiyala, zosanjikizana kasanu kapena kupitirira apo, zodetsedwa ndi utsi wa malasha wa zaka zambiri, ndipo pakati pake pali tinjira topapatiza toti mayi wosenza dengu la chimanga angavutike kudutsa. M'lingamo anationetsa chisoti chachifumu, malupanga ndi mizinga. Mzinga umodzi umalira 1 koloko masana tsiku lililonse, kupatula Lamulungu ndi masiku ena opatulika, mwambo umene unayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo azikonza mawotchi awo. Sanatichenjeze. Amayi Msungichuma anakhala pansi atagwira chikwama cha gulu ndi manja awiri, ndipo tikuwayamikira kuti pa nthawi ya mantha sanaiwale udindo wawo.

Koma chimene chinatigwira mtima m'lingamo sichinali chisoti kapena mzinga ayi. Pamalo okwera koposa pali katchalitchi kakang'ono kamiyala, kocheperapo kusiyana ndi vesitile yathuyi, koti anthu 20 akalowamo ndiye kuti kadzaza. Kameneka ndiko kanyumba kakale koposa nyumba zonse za mu Edinburgh. Anakamanga Mfumu David cha m'ma 1130 pokumbukira mayi wake, Mfumukazi Margaret, amene anamwalira mu 1093. Mbiri ya mayi ameneyu imanena kuti ankadyetsa ana amasiye ndi osauka iye asanadye, ankasambitsa mapazi a amphawi, ndiponso anaika ngalawa yoolotsa anthu a pa ulendo wa mapemphero pa mtsinje wa Forth, pamalo amene mpaka lero amatchedwa Queensferry. Tinayang'anana ndi kunena kuti uyu akanakhala kuno akanavala duku loyera. Patapita zaka, anthu anaiwala ntchito ya kanyumbako ndipo asilikali anakasandutsa mosungira onga wa mfuti. Mu 1845 m'pamene kanazindikirikanso kuti ndi nyumba ya Mulungu.

Titalowa tinapeza maluwa aawisi, ongothyola kumene. Tinafunsa kuti amaika ndani. Anatiuza kuti kuyambira mu 1942 pali gulu la amayi lotchedwa St Margaret's Chapel Guild, ndipo onse a m'gululo dzina lawo ndi Margaret. Iwo amasinthana kubweretsa maluwa sabata ndi sabata chaka chonse, ngakhale m'nyengo ya chisanu pamene kukwera thanthwe lija ndi ntchito yaikulu. Mayina awo sitinawaone pa khoma, ndipo alendo ambiri amangojambula chithunzi n'kutuluka osafunsa. Komatu chimene chimasiyanitsa kanyumbako ndi mosungira onga ndi manja a amayi amenewo. Inu amene mumasesa ndi kuzira muno Loweruka madzulo, ndi kutchola maluwa a pa gome, dziwani kuti muli ndi anzanu pamwamba pa thanthwe la Edinburgh.

Potsika ndi Royal Mile tinafika pa tchalitchi cha St Giles, chimene m'chaka chomwecho cha 2024 chinali kukumbukira zaka 900. Mmenemu ndi mmene John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland, anali mbusa kuyambira 1559 mpaka imfa yake mu 1572. Ulamuliro wa akulu a mpingo, sesheni, presibitale ndi sinodi, zimene ife tinazolowera ngati kuti zinamera pano, muzu wake uli m'zaka zimenezo. M'katimo muli kampando kamiyendo itatu kopangidwa ndi mkuwa, kokumbutsa zimene zinachitika pa 23 July 1637. Mfumu Charles inalamula kuti mpingo wa ku Scotland uzipemphera ndi buku latsopano limene mpingowo sunavomereze. Tsiku loyamba kuliwerenga munabuka phokoso, ndipo mbiri ya anthu imati amene anayamba anali mayi wogulitsa malonda pa msika, Jenny Geddes, amene anatenga kampando kake n'kuponyera wotsogolera mapemphero. Abusa musadere nkhawa, sitinabwere ndi phunziro limenelo. Tangonena kuti mudziwe kuti m'mbiri ya mpingo wathu muli mayi wa pa msika amene anamvetsa kuti mfumu ilibe mphamvu youza mpingo mmene upempherere.

Tinapempha kuti ationetse manda a John Knox. Anatizungulitsa kuseri kwa tchalitchi, pabwalo poimika magalimoto, n'kutilozera malo olembedwa nambala 23. Pamenepo pali kamwala kosonyeza kuti mtumiki wa Mulungu uja anaikidwa cha pomwepo, pakuti manda a tchalitchicho anafafanizidwa kalekale pomanga nyumba ya malamulo. Ife amene timalambula manda chaka ndi chaka, ndi kusonkha ndalama za chiliza, tinasowa chonena. Tinaima mozungulira, tinapemphera mwachidule, kenaka tinapatuka chifukwa galimoto inkafuna kudutsa.

Chapafupi pali tchalitchi cha Greyfriars, kumene pa 28 February 1638 anthu anayamba kusaina pangano lotchedwa National Covenant, lokana kuti mfumu ilamulire chipembedzo chawo. Chifukwa cha pangano limeneli anthu ambiri anazunzika. Mu 1679 amuna oposa 1,000 anatsekeredwa pabwalo la pafupi ndi manda a tchalitchicho, ena kwa miyezi ingapo, opanda denga. Malowo alipo. Koma khamu la alendo silinali kumeneko ayi, linali panja pa chipata, pa chifanizo cha kagalu kotchedwa Bobby, kamene amati kanalonda manda a mbuye wake zaka 14 mpaka kanafa mu 1872. Anthu amachita kudikirana kuti akasisite mphuno, moti mphunoyo inachita kuyera. Galu wokhulupirika ndi wabwino, sitikukana, koma tinaona kuti n'chapafupi kuti anthu akumbukire nkhani yokoma ndi kuiwala nkhani yowawa imene inawapatsa ufulu. Tisanachoke mu mzindawo tinaonanso chifanizo cha David Livingstone m'munda wa maluwa wa Princes Street. Anachiumba ndi mayi, Amelia Hill, ndipo chinaimikidwa mu 1876, chaka chomwe mishoni ya Blantyre inayamba kuno kwathu.

Tsiku lina anatitenga pa basi kupita ku Stirling, mzinda wina wakale umene nawonso uli ndi linga pamwamba pa thanthwe, pamene chigwa chimathera ndi mapiri amayambira. M'munsi mwa lingalo muli tchalitchi cha Holy Rude. Mmenemu mu 1567 anavekera ufumu mwana wa miyezi 13, James, John Knox akulalikira. James ameneyu ndi yemwe pambuyo pake analamula kumasulira Baibulo la Chingerezi la 1611 limene limatchulidwa dzina lake. Zimenezi n'zimene wotitsogolera anayamba kunena monyadira. Kenaka anationetsa pakati pa tchalitchi n'kunena kuti pamenepa panali khoma. Mu 1656 mpingowo unakangana pa nkhani ya abusa, ndipo mkanganowo unakula mpaka anamanga khoma pakati pa nyumba ya Mulungu, ena kupemphera kum'mawa, ena kumadzulo, denga limodzi. Khomalo linagwetsedwa mu 1936. Werengani nokha, ndi zaka 280. Amene anakangana anafa, ana awo anafa, adzukulu ndi zidzukulutudzi zawo anabadwa n'kulipeza khomalo, nalisunga osadziwa n'komwe chimene chinautsa mapiri pachigwa. Amayi, pobwerera m'basi tinakhala chete nthawi yaitali. Tonse tikudziwa kuti pa zisankho za Mvano, kapena pa nkhani ya ndalama za maliro, njerwa zoyamba za khoma lotere zimaumbidwa mosavuta, ndipo amene amaziumba amaganiza kuti ndi za sabata imodzi yokha.

Kumanda a pafupi ndi tchalitchicho kuli chifanizo choyera chotchingidwa ndi galasi, cha mtsikana wa zaka 18, Margaret Wilson. Iye sanafere ku Stirling, anafera ku Wigtown, kutali kumwera, pa 11 May 1685, pamodzi ndi mayi wachikulire wa zaka zoposa 60, Margaret McLachlan. Anakana kulumbira lumbiro limene boma linkakakamiza anthu a pangano lija. Tsono madzi a nyanja yamchere sali ngati a nyanja yathu, pakuti amaphwera ndi kudzaza kawiri pa tsiku. Madzi ataphwera, asilikali anazika mitengo pamatope n'kumangirira amayi awiriwo, wachikulire kutsogolo kuti madzi ayambe kumiza iye, mtsikana aone ndi kuchita mantha. Mtsikanayo anaona, koma sanalumbire. Chimene tinakambirana pamenepo si kulimba mtima kwa mwanayo kokha, koma kuti gogo ndi mtsikana anali pa chikhulupiriro chimodzi, pamalo amodzi, tsiku limodzi. Tayang'anani muno lero, amayi, muwerenge a zaka zosafika 30 amene avala yunifolomu.

Ku Blantyre wa kumeneko tinapitako ndi chimwemwe cha munthu wokaona kumene kunachokera dzina lake. Ndi tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, pafupi ndi Glasgow, yochepa kwambiri poyerekeza ndi Blantyre wathu. Nyumba yotchedwa Shuttle Row, mmene David Livingstone anabadwira pa 19 March 1813, inali ya antchito a fakitale ya thonje, mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Mmenemo ndimo mophikira, mogona ndi mochezera. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenaka sukulu mpaka 10 koloko. Tinaima m'chipindamo ndi kuganiza za mayi wake, Agnes Hunter, amene analera ana m'malo otere nawasunga aukhondo ndi oopa Mulungu. Tinaganizanso za mkazi wake, Mary Moffat, amene manda ake ali ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, kumene anamwalira ndi malungo mu 1862 ali ndi zaka 41. Nyumbayo, imene inatsegulidwanso mu 2021 atayikonza, tsopano imanenanso bwino za anthu akuda amene anayenda naye, monga Susi ndi Chuma, mnyamata wa Chiyao amene anaomboledwa mu ukapolo kuno kwathu mu 1861, ndipo mu 1873 anali mmodzi wa otsogolera kunyamula mtembo kuchokera kwa Chitambo mpaka ku gombe la Bagamoyo.

Tsopano tinene za nyanja. Kumeneko nyanja amaitcha loch, ndipo zilipo zambirimbiri m'zigwa za pakati pa mapiri. Yoyamba kuiona inali Loch Lomond, imene eni ake amainyadira kwambiri. Anatifunsa ngati tinaonapo madzi ochuluka chotere. Tinayankha mwaulemu, pakuti mlendo satsutsa mwini mudzi pa nsima yoyamba, koma m'litali mwake ndi mailosi ongopitirira 20, pamene nyanja yathu ndi mailosi oposa 350. Phiri lake, Ben Lomond, ndi mamita 974, ndipo ngakhale phiri lalitali koposa m'dziko lonselo, Ben Nevis, ndi mamita 1,345, losafika theka la Sapitwa wathu wa mamita 3,002. Komabe kukongola kwake sitingakubise. Madzi ndi akuda, odekha, mapiri obiriwira akuonekera m'madzimo ngati pa kalilole, tizilumba tambiri ta mitengo, nkhosa zoyera m'mapiri, ndi ng'ombe zaubweya wautali wophimba m'maso. Madziwo ndi ozizira moti chala chimachita dzanzi. Chimene chinatidabwitsa ndi bata. Pa gombe panalibe mayi wotsuka mbale kapena wochapa, panalibe thandala la usipa, panalibe mwana wosambira ali buno. Kwa ife nyanja ndi munda, kwa iwo ndi malo opumulira. Madzulo kunatuluka tizilombo ting'onoting'ono toluma, tochepa kuposa udzudzu, timene sitipereka malungo koma timalowa ndi m'duku momwe.

Pa mudzi wa Luss, m'mbali mwa nyanjayo, pali tchalitchi chimene chinamangidwa mu 1875 ndi mwini malo wa banja la Colquhoun, pokumbukira bambo wake amene anamira m'nyanjamo mu 1873 bwato litagubuduka. Denga lake m'kati limaoneka ngati bwato lovundikira. Amayi anzathu ochokera ku nyanja, amene mukudziwa zimene mwera umachita, mukanamva bwino nyumba imeneyo. Tinawerenga Salmo 121 pamenepo, ife m'Chichewa, iwo m'Chingerezi.

Nyanja imene sitidzaiiwala ndi Loch Katrine, yaing'ono, mailosi 8 okha, yobisika pakati pa mapiri a Trossachs. Tinakwera sitima yakale ya nthunzi yotchedwa Sir Walter Scott, imene inayamba kuyenda pa nyanjayo mu 1900. Popeza palibe mtsinje woti sitima n'kudzera, anaipanga ku Dumbarton, naiphwasula, naikweza zidutswazidutswa pa Loch Lomond, kenaka pa ngolo za akavalo kudutsa phiri, n'kukailumikizanso pa gombe. Atatifotokozera zimenezi tinaseka, ndipo tinawauza kuti makolo athu anachita zomwezo zaka 25 iwo asanatero, popanda kavalo. Mu 1875 anthu mazanamazana anasenza pamutu zidutswa za Ilala yoyamba kulambalala mathithi a Shire, ndipo sitimayo inalowa m'nyanja yathu mu October chaka chomwecho. Ilala imene ife tinakulira kuiona, imene inayamba ntchito mu 1951, nayonso inapangidwa pa mtsinje wa Clyde n'kubwera m'zidutswa.

Koma nkhani yaikulu ya Loch Katrine ndi madzi akumwa. Zaka za m'ma 1800 mzinda wa Glasgow unadzaza ndi anthu ofuna ntchito m'mafakitale, okhala mothithikana monga muja tanenera za Shuttle Row, akumwa madzi a m'zitsime zoipa ndi a mu Clyde, mtsinje womwewo umene unkalandira zonyansa za mzinda. Kolera inawakantha mu 1832, inabweranso mu 1848, inabweranso mu 1853, ndipo ulendo uliwonse inkatenga anthu zikwizikwi. Akuluakulu a mzinda anatsimikiza zokatenga madzi oyera ku mapiri. Amuna pafupifupi 3,000 anakumba ngalande ndi kuboola mapiri ndi manja ndi onga, mtunda wa mailosi 26, motsogozedwa ndi injiniya John Bateman. Ngalandeyo inapendekeka pang'ono kwambiri, mainchesi 10 pa mailo iliyonse, kotero kuti madzi amayenda okha, opanda injini yopopa. Mfumukazi Victoria anatsegula madziwo pa 14 October 1859, patangopita mwezi umodzi kuchokera pamene Livingstone anafika pa nyanja yathu. Kolera itabweranso mu 1866, anthu amene anafa ku Glasgow anali ochepa kwambiri. Mpaka lero mzindawo ukumwa madzi a nyanja imeneyo, ndipo chifukwa chake amaisamala ngati mtsuko wa m'nyumba.

Tinamvetsera nkhani imeneyi ndi mitima yolemera, pakuti mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu lino, ndipo ena a inu munaphika pa maliro amene mtembo sunaloledwe kulowa m'nyumba. Ife tinkaganiza kuti Azungu sanaidziwepo nthenda imeneyi. Anaidziwa, anaika ana awo m'manda monga ife, ndipo chimene chinawapulumutsa si mankhwala odabwitsa koma madzi oyera ndi kusamala kumene akuchokera. Nzeru imeneyi si yachilendo kuno. Mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri a Mulanje ndi Zomba inakumbidwa ndi makasu a anthu a m'midzi, amayi ali patsogolo, ndipo a ku Zomba amamwa a Mulunguzi. Koma mitengo ya m'mapiri athu ikutha ndi makala, ndipo makalawo amathera pa mbaula zathu zomwe. Mjigo wa pa tchalitchi pano ukawonongeka timadikira miyezi, pamene ana a sukulu akutunga kudambo. Tikupempha kuti pa msonkhano wa mwezi uno nkhani ya thumba lokonzera mjigo ilowe pa ndondomeko, ndipo isakhale yomalizira pamene anthu ayamba kale kumanga zitenje.

Lamulungu lomaliza tinapemphera ndi otiitana aja. Tchalitchi chawo n'chachikulu, chamiyala, cha mawindo a magalasi amitundumitundu ndi limba la mipope, chokwana anthu mazana angapo. Tinawerenga amene analipo, sanafike 50, ndipo ambiri anali a imvi. Ana anali atatu. M'mizinda tinali taona kale matchalitchi ena atasanduka malo odyera, nyumba zogona, ngakhale momwera mowa. Church of Scotland, mayi wa mpingo wathu, inali ndi mamembala oposa 1,300,000 m'zaka za m'ma 1950, koma pofika 2022 anali osakwana 300,000, ndipo pa kalembera wa chaka chimenecho anthu oposa theka la dzikolo ananena kuti alibe chipembedzo. Sitikunena izi mowaseka ayi. Amayi amenewo anatisunga ngati ana awo, anatipatsa mabulangete awo, anayesa ngakhale kutiphikira nsima ndi ufa wogula ku sitolo ya Amwenye, ndipo ndi ndalama zawo zapenshoni amathandiza ntchito zambiri m'maiko akutali. Guild yawo inayamba mu 1887 ndi Mbusa Archibald Charteris, ndipo mu 1997 inatsegula khomo kwa abambo. Mpingo wawo unalola amayi kukhala akulu a mpingo mu 1966 ndi kukhala abusa mu 1968. Pa zambiri ali patsogolo pathu.

Titatha kumwa tiyi, mayi wina wa zaka zoposa 80 anatigwira manja. Anati pamene iye ankalowa Guild, holo imeneyo inkadzaza mpaka ena kuimirira. Tinamufunsa kuti nanga chinachitika n'chiyani. Anayankha kuti sipanachitike chinthu chachikulu chilichonse. Ana awo aakazi anapita ku sukulu ndi ku ntchito, misonkhano inakhalabe pa nthawi imene wa pa ntchito sangafike, ndipo iwo ankangoti adzabwera akadzakula. Anakula, koma sanabwere. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana athu aakazi lero ndi aphunzitsi, anamwino, ogulitsa pa msika ku Limbe, ena ali ku Joni. Msonkhano wathu uli pakati pa sabata dzuwa lili pamutu. Mtsikana akabwera ndi tsitsi lomanga mwa masiku ano timayamba ndi kumuyang'ana kumutu tisanamupatse moni. Yunifolomu yakwera mtengo, ndipo wina amachita manyazi kubwera alibe. Izi si za Abusa kapena za Sinodi, ndi zathu, ndipo tingathe kuzikambirana mwezi uno. Ife asanu ndi mmodzi tikupereka ganizo lakuti kamodzi pa mwezi tizikumana Loweruka masana, ndiponso kuti mayi aliyense wachikulire atenge mtsikana mmodzi woyenda naye kokaona odwala.

Pali chinthu chinanso. Kulikonse kumene tinapita anatiuza chaka, tsiku ndi dzina, chifukwa wina analemba. Potsazikana, amayi a Guild anatiuza kuti atatu a iwo akufuna kudzatichezera nyengo ya masika ikubwerayi. Tinawalonjeza Mulanje, Zomba ndi chambo cha ku Mangochi, ndipo tinati adzaone okha chimene ife timatcha nyanja. Iwo anavomera, koma anawonjeza kuti akufuna tidzawaonetse manda a amayi amene anayambitsa Mvano pa mpingo uno, ndi kuwauza mayina awo. Tafufuza m'mabuku a sesheni ndi a Mvano. Buku loyamba linadyedwa ndi chiswe, ndipo m'mabuku otsalawo tapeza mayina atatu okha, awiri a iwo olembedwa ndi dzina la mwamuna. Agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno, inu munawaona amayi amenewo ndi maso, mukudziwa mayina awo a kubadwa, midzi yawo ndi kumene anagona. Amayi Mlembi agula kope latsopano lachikuto cholimba, ndipo atsikana awiri a Fomu 4 adzipereka kulemba. Tikatha kudya akhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa vesitile, ndipo amene miyendo ikuvuta atsikanawo akupezani pamene mwakhala.